Nkhope Yomwe Ndinatumiza ku Top Hill

Handsworth, Birmingham
12 Malichi 1961

Amayi anga okondedwa,

Landirani moni wochokera kuno kozizira. Ndikhulupirira kalata ino ikupezani muli bwino, ndi kuti bondo lija lasiya kukusautsani. Ine ndili bwino. Chimfine chokha ndiye sichichoka, koma kuno aliyense ali nacho moti sitichiwerengeranso ngati matenda.

Khalani pansi kaye musanapitirize kuwerenga. Mwana wanu wapeza ntchito. Ndine kondakitala, Amayi, wa basi zija zosanjikiza zokhala ndi masitepe m'kati. Anatiyesa masamu, ambiri analephera, ndipo mwa asanu amene tinakhoza wamkazi ndinali ndekha. Andipatsa yunifolomu, chipewa, chikwama chachikopa ndi kamakina kodulira matikiti. Tsiku loyamba ndinadziyang'ana pagalasi la sitolo mpaka mwini wake anatuluka kudzafunsa ngati ndikufuna kugula kanthu. Mukawauze mayi Falconer a kutchalitchi, aja ankati ndikathera kutsuka miphika ya azungu.

Muona kuti adiresi yasintha, ndiye ndikufotokozereni. Mukukumbukira zomwe munandiuza padoko ku Kingston? Munati, "Cislyn, usaiwale kuti ndiwe wa kwa Parchment a ku St Elizabeth. Ndiwe wofiirira, tsitsi lako ndi lofewa, usakasakanikirane ndi aliyense." Mawu amenewo ndinawoloka nawo nyanja. Nditayamba kufunafuna chipinda ndinaona nyumba ina yaukhondo, pazenera pali khadi loti chipinda chilipo koma achikuda ayi. Ine mtima uli m'malo ndinagogoda, ndikuti awa akunena anthu ena. Mayi wachizungu anatsegula, anandiyang'ana kuyambira chipewa mpaka nsapato, n'kuloza khadi lija. "Kodi kuwerenga simutha?" Amayi, ine ndinacheuka. Ndinacheukadi kuti ndione wakuda amene waima kumbuyo kwanga. Mumsewu monse munalibe munthu, munali galu yekha.

Nyumba zina zitatu zinandichita zomwezo. Yachisanu ndi ya a Uriah Blake a ku Clarendon, ku Jamaica kwathu konko, amene amawotcherera zitsulo kufakitale ndipo anagula nyumba yawoyawo. Nditawauza za kucheuka kuja anaseka mpaka kutsokomola. "Pepani, dona wa ku St Elizabeth! Kufiira kwanu kunatsala m'sitima. Kuno tonse amatiyeza ndi mbale imodzi." Akazi awo anawakalipira kuti asiye kuseka mlendo, n'kundipatsa supu yotentha ya zilazi.

Ndikudziwa kuti kwathu munthu wakuda ngati a Blake mukanamulandirira kukhomo la kukhitchini. Kuno kiyi wa khomo lakumaso ali ndi iwo, ndipo ine ndimagona bwino m'nyumba mwawo.

Mu envelopu muli positi oda ya mapaundi atatu. Achimwene a Vernal akonze thanki ya madzi mvula ya Meyi isanafike, asadikire kuti ing'ambike yonse. Mbuzi yaikazi yamawanga ija musagulitse. Mukamva za munthu wobwera kuno munditumizireko tsabola wouma, wa kuno sanunkhira kanthu.

Dalaivala wa basi yanga ndi munthu waulemu, wa ku Grenada. Saponda buleki mwadzidzidzi ine ndikakhala pamasitepe.

Ndine mwana wanu,
Cislyn


28 Meyi 1961

Amayi,

Kalata yanu inafika Lachitatu, ndipo ndathokoza Mulungu kumva kuti muli ndi moyo ndi kuti mvula yapeza thanki itakonzedwa. Ine ndili bwino, kunja kwayamba kufunda, chimfine chapita.

Zoti ndichoke kwa a Blake mundikhululukire, sindichoka. Mwati ndifunefune nyumba ya anthu a mtundu wathu. Anthu a mtundu wathu kuno ndi ati? Mwana wa a Ebanks uja, wamaso obiriwira amene atsikana onse a kwathu ku Top Hill ankamulimbirana, akusesa pasiteshoni ya sitima, ndipo akapitawo ake amamuitana ndi dzina lomwelo lomwe amaitanira a Blake.

Mwafunsanso kuti dalaivala wa ku Grenada walowa bwanji m'kalata yopita kwa mayi anga. Maso anu sanakalambe. Dzina lake ndi Anselm Baptiste, ndipo ndikuuzeni zomwe anachita. Loweruka lina masana, anthu akuchokera ku mpira, bambo wina anakana kulandira chenje m'manja mwanga. "Ika pampandopo, usandikhudze." Ndinaika. Sanakhutire, anandinena mawu amene sindingalembe, n'kulavula pansapato yanga. Ndinaliza belu. Anselm anaimika basi pakati pa msewu, anatsika, anazungulira n'kulowa khomo lakumbuyo, chipewa chili m'manja ngati akulowa m'tchalitchi.

"Bambo, pepesani kwa kondakitala wanga, apo ayi tsikani. Basi iyi siyenda."

"Ndiwe ndani iwe?"

"Ndine amene ndagwira chiwongolero. Ine sindikuthamangira kulikonse, bambo, tsiku langa lonse ndi la m'basi momwemu."

Tinakhala. Magalimoto kumbuyo akuimba mahutala, anthu m'kati akung'ung'udza. Kenako mayi wina wachizungu wokalamba anamugogoda bambo uja paphewa ndi ambulera. "Tsika iwe, wopanda khalidwe, nsomba zanga zikuwola muno!" Anatsika basi yonse ikumuseka. Lolemba Anselm anaitanidwa ku ofesi kukadzudzulidwa, ndipo atatuluka anangondiuza kuti zikachitikanso adzaimikanso. Chifikire dziko lino sindinayendepo modzimva ngati sabata imeneyo.

Akufuna kundikwatira, Amayi. Ndi wamkulu kwa ine ndi zaka zisanu, amapemphera ku Anglican ngati ife, mowa wa ramu amalawa pa Khirisimasi pokha. Ine ndinamuuza kuti zaka zanga zakwana, lamulo la kuno silifunsa makolo. Iye anapukusa mutu. "Mwana wa eni satoledwa ngati mango a panjira. Ndiwalembera amayi ako kalata yofunsira monga timachitira kwathu, ndipo sindingakutenge asanandiyankhe."

Choncho zonse zili m'manja mwanu. Atate kulibe, mwatsala ndinu, ndipo ine ndikufunitsitsa kulowa m'banja ndi mdalitso wanu. Ndimamukonda munthuyu, ndanena poyera.

Anyezi akakhwima a Vernal asagulitse kwa ogula oyamba kufika, aja amapondereza. Moni kwa onse a kumpingo.

Mwana wanu,
Cislyn


16 Julaye 1961

Amayi okondedwa,

Ndakondwa kumva kuti munayenda nokha mpaka kutchalitchi popanda ndodo. Ine ndili bwino, ndanenepako, siketi ya yunifolomu ndasuntha batani.

Lamlungu lililonse tikaweruka kumapemphero timadya mpunga wa nyemba ndi nkhuku kwa a Blake, ndipo Anselm tsopano ali ndi mpando wake. A Blake samupatsa mpata wopuma. "Iwe wa kachilumba, ndamva kuti kwanu munthu akamenya mpira wa kiriketi mwamphamvu amakautola pabwato."

"Eetu bambo, n'chifukwa chake timatha kusambira. Nanga inu a chilumba chachikulu, malo onse aja, chinakuthamangitsani n'chiyani?"

Sabata yatha mkangano unakula. Mayi Blake anapita kukazulitsa dzino, ndipo pakhadi anawalemba kuti wachikuda osawafunsa n'komwe. A Blake anamenya tebulo mpaka supuni zinadumpha. "Ine ndine Mbritishi! Pasipoti yanga ikutero, ndipo nkhondo yawo ndinamenya nawo."

"Kawauzeni a kufakitale kwanu," anatero akazi awo, "mwina asiya kukuikirani kapu yanuyanu ya tiyi."

Panalinso mlendo wa ku Trinidad, mmwenye. Iye anati kwawo amamuti mmwenye, amwenye a ku India okhala kuno amati si mmwenye, azungu amati wachikuda, ndiye wangosankha kukhala wanjala, amupatsire nkhukuyo. Zomwe ananena Anselm ndaiwala. Kenako a Blake anatembenukira kwa ine. "Nanga dona wathu wofiira, inu ndinu chiyani?" Ndinati ndine Mjamaika basi, n'kunyamuka kukatsuka mbale.

Tsopano mafunso anu atatu. Mwafunsa makolo ake, tsitsi lake ndi khungu lake. Bambo ake anali msodzi ku Gouyave, anamwalira. Mayi ake alipo, ndipo mchemwali wake ndi mphunzitsi. Tsitsi amameta lalifupi kwambiri. Za khungu mudzionera nokha, chifukwa m'kalata muno muli chithunzi. Tinapita kukajambulitsa, iye atavala suti yake yabuluu, ine diresi lija munandisokera. Taonani mmene waimira, ngati basi zonse za mu Birmingham ndi zake. Kalata yake yofunsira ikubwera payokha. Wailemba katatu, akuti ziwiri zoyamba zilembo zinapendama.

M'phukusi lomwe likubwera pasitima muli mafuta a bondo ndi nsalu ya diresi la kutchalitchi. Nsaluyo ndi ya masheleni asanu ndi limodzi pa yadi, ndiye musoke nokha, musaipereke kwa telala.

Pali kanthu kena kakundisowetsa mtendere, koma pepala latha.

Ndine wanu,
Cislyn


19 Novembala 1961

Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino. Ine thupi lokha ndiye lili bwino, zina zonse zawonongeka, ndipo wowononga ndine.

Makalata anu awiri ndinalandira, sindinayankhe chifukwa cha manyazi. Mwati chithunzi mwachipachika pabalaza pambali pa cha Atate, mwachionetsa kumpingo, mayi Falconer anasowa chonena, ndipo zipatso za keke ya ukwati mwaziviika kale mu ramu. Chitsitseni, Amayi. Munthu ali pachithunzipo kulibe.

Nditabwerera ndekha kukasankha zithunzi, mkulu amene anatijambula anandifunsa, "Ichi ndi chotumiza kwanu? Ndiyeretseko pang'ono nkhope ya bambowa? Ambiri otumiza kwawo amatero." Ali ndi timapensulo take tomwe amapakira pafilimu. Sanandikakamize. Ndinaganiza za mafunso anu atatu, ndinagwedeza mutu, ndipo ndinamuuza kuti atsuke ziwiri, chenicheni cha Anselm ndi choyeretsa chanu. Anselm ndi wakuda, Amayi, wakuda bii kuposa a Blake. Tsitsi lake ndi lolimba loti chipeso changa chingathyoke. Ndipo zomwe ananena patebulo paja sindinaiwale, ndinangokubisirani. Anati, "Ine ndine wakuda, bambo anga anali akuda. Dzina limeneli sanandipatse pakhomo la nyumba ya lendi, ndinabwera nalo kuchokera kwathu."

Yankho lanu kwa iye linafika mwezi watha. Anayenda nalo m'thumba m'mawa wonse osatsegula, kuti tikawerengere limodzi pa nthawi yopuma ku kantini. Anayamba kuwerenga mokweza, mano onse ali pamtunda, mpaka anafika pomwe munalemba kuti mwakondwa kuona kuti ndi munthu woyera bwino, ana a Cislyn sadzabwerera m'mbuyo. Anawerenga mzere umenewo kawiri.

"Amayi ako akunena ndani apa?"

Ndinaulula zonse. Sanakalipe. Bola akanakalipa.

"Ndiye kuti unalipira munthu kuti andichotse nkhope ya bambo anga?"

"Ndinkaopa kuti akukana, Anselm."

"Akanakana ineyo. Apa avomera munthu amene sindikumudziwa, ndiye ukakwatiwe ndi yemweyo. Anthu a m'basi akamandinyoza amanyoza ine amene, akundiona. Iwe unandifufuta."

Anamaliza tiyi wake, anatsuka kapu, ndipo tinagwira ntchito mpaka kuweruka osalankhulana, belu lokha. M'mawa mwake anapempha kuti amusamutsire msewu wina, ndipo anamulola. Kwa a Blake sabweranso. Dalaivala amene andipatsa amaponda buleki ngati akupha njoka, mawondo anga ali mabala okhaokha.

Ndakunamizani inu, ndamunyoza iye, ndipo ndikupepesa. Koma ndinenenso ichi, kuti Anselm weniweni ndi wokongola kuposa wa pakhoma panuyo.

Positi oda ya Khirisimasi ilimo.

Cislyn


25 Febuluwale 1962

Amayi anga,

Ndamva kwa a Vernal kuti munadwala malungo a chimfine pa Chaka Chatsopano ndi kuti mwachira, ndipo ndathokoza. Kuno chisanu chafika poti madzi akuuma m'mipope, koma ine ndili bwino.

Kalata yanu ndaiwerenga kambirimbiri. Mwati ndakuchititsani manyazi pamaso pa mpingo. Mwanena zoona, ndipo ndipepesanso. Mwatinso mibadwo itatu inavutika kukweza khungu la banja lathu, ine ndikufuna kulibweza m'munda wa nzimbe tsiku limodzi. Apa pokha sindipepesa.

Mundilole ndinene zomwe sitinenapo m'nyumba mwathu. Mayi anu okuberekani, agogo a Dorcas, anali akuda ngati Anselm. Ndi iwo ankandipesa tsitsi lofewa mukulinyadirali. Abusa akabwera kudzacheza munkawauza kuti akakhale kukhitchini akayang'anire moto, ndipo chithunzi chawo sichinakhalepo pabalaza. Ndili mwana ndinkayesa kuti amakonda kukhitchiniko. Ndazindikira ndili kuno, nditaimitsidwa ndekha panja pa makomo a anthu.

Mwezi watha kugalaja ya mabasi athu kunali chipwirikiti. Madalaivala ndi makondakitala ena achizungu ankasonkhanitsa mayina opempha kuti achikuda asalembedwenso ntchito, akuti tachuluka. Ku kantini anthu anakhala mbali ziwiri popanda wowauza, a ku West Indies ndi amwenye uku, azungu uku. Ine ndinalowa ndi tiyi wanga m'manja. Mayi wina amene timagwirizana, munthu wabwino mtima ndithu, anandikoka malaya. "Khala pano, Cis, izi si za iwe. Iwe ukhoza kungonena kuti ndiwe wa ku Malta, kwa azungu ofiirira ngati iwe, palibe angadziwe."

Amayi, chaka chatha ndikanakhala, mwinanso n'kuthokoza. Ndinamuuza mokweza kuti onse amve, "Ine si wa ku Malta, mayi. Ndine wakuda wa ku Jamaica, agogo anga anadula nzimbe." Ndinadutsa kantini yonse, tiyi akutayikira m'sosala. Benchi inali yodzaza. Anselm, amene miyezi itatu sanandipatse ngakhale moni, anasendera osandiyang'ana.

"Wataya tiyi wako," anatero.

"Ndaona."

"Imwa wangayu, dona."

Mayina aja sanapite nawo patali, a bungwe la ogwira ntchito anawakana. Anselm wayambiranso kubwera kwa a Blake Lamlungu, koma mphete akuti iyembekeze. Akuti sangakwatire ndi chilolezo cha munthu wina. Wakulemberani kalata ina ndi dzanja lake, waikamo chithunzi chenicheni, ndipo sanandionetse zomwe walemba. Akudikira kuti mumuyankhe iye mwini.

Ndikukupemphani ngati mwana wanu mmodzi yekha wamkazi, muyang'ane nkhope imeneyo bwinobwino musanagwire cholembera. Vomerani, Amayi.

A Vernal akafuna kubwera kuno afulumire, akuti lamulo latsopano litseka khomo pakati pa chaka. Koma asakusiyeni nokha ndi mbuzi.

Ndine mwana wanu,
Cislyn


19 Ogasiti 1962

Amayi,

Moni. Za moyo wanu ndimazimva kwa a Vernal okha, ndipo akuti muli bwino. Ifenso tili bwino.

Yankho lanu linamupeza Anselm mu Meyi, chithunzi chake mutachibweza momwemo. Ndikulidziwa pamtima. "Bambo Baptiste, mwanena zoona ndipo ndakulemekezani, koma mwana wanga sindingakupatseni ndi dzanja langa." Ine ndinalira pomwepo pamasitepe a nyumba ya a Blake. Iye anapinda kalatayo bwinobwino n'kuika m'thumba la pamtima.

"Tsopano andiyankha ineyo," anatero. "Andiona, andikana, koma anditchula Bambo Baptiste. Langa latha. Latsala lako, Cislyn. Ungathe kukhala ndi ine popanda mdalitso wa amayi ako? Usandiyankhe lero."

Ndinatha milungu iwiri, Amayi, ndikudula matikiti mutu uli ku Top Hill. Kenako ndinamuuza kuti ndingathe. Tinakwatirana Loweruka pa 11 mwezi uno, sabata yomweyo Jamaica inalandira ufulu. A Blake ndi amene anandiperekeza kuguwa, atapachika mamendulo awo ankhondo pachifuwa. Munthu uja wa pasipoti ya Mbritishi analira ataona mbendera yatsopano yomwe akazi awo anasoka n'kuipachika m'holo, yakuda, yobiriwira ndi yachikasu. Anselm anawanong'oneza, "Musalire bambo, nafenso a tizilumba tikubwera m'mbuyomu." Anabwera anthu a ku Barbados, a ku Trinidad, a ku St Kitts, madalaivala awiri achizungu ndi akazi awo, ndipo tinavina mpaka nsapato zinandiluma. Palibe amene anafunsa mnzake kuti ndiwe chiyani, onse ankangofunsa komwe kwatsalira nyama ya mbuzi.

Linali tsiku labwino ndipo ndinali wonyada, koma sindikubisirani kuti linandiwawa. Diresi ndinavala ndekha. Mayi Blake anafuna kundimangira mabatani akumsana, ndinawapempha kuti adikire kaye panja, chifukwa ntchito imeneyo inali yanu.

Tapeza zipinda ziwiri pafupi ndi paki, kwa munthu wa ku Barbados. Adiresi ili kumbuyo kwa envelopu. Positi oda ndizitumizabe mwezi ndi mwezi, muyankhe musayankhe, ndipo Anselm ndi amene amandikumbutsa tsiku likafika.

Mwana wanu,
Cislyn Baptiste


7 Julaye 1963

Amayi anga okondedwa,

Nditaona zilembo zanu pa envelopu ndinakhala pansi pakhomo pomwepo. Chaka ndi miyezi simunandilembere. Ndakondwa kuti muli ndi moyo, ndipo bondo mulisamale nyengo ya mvula ino. Ine ndachira bwinobwino. Mwana akuyamwa ngati akulipidwa, wakwanitsa milungu isanu ndi umodzi, ndi mtsikana monga anakuuzani a Vernal. Bambo ake akaweruka amamunyamula asanavule n'komwe chipewa, n'kumamufotokozera misewu yonse yomwe ayenda tsikulo.

Kalata yanu ili ndi mizere inayi. Mwafunsa ngati ndachira, ndayankha. Mwati ndisamutulutse pamphepo, ndamva. Kenako mwati ndiyang'ane nsonga za makutu ake ndi m'munsi mwa zikhadabo, chifukwa mwana amabadwa woyera koma khutu silinama, limanena khungu lomwe adzakhale nalo, ndipo ndikuuzeni zomwe ndaona.

Sindikunamizaninso, Amayi, ndiye ndikuuzani zonse. Ndinayang'ana kale, tsiku lomwe anabadwa, anamwino asanamusambitse n'komwe. Maso anga anangothamangira kukhutu okha, monga munachitira inu ndi ine. Ndinadzichitira manyazi, kenako ndinaseka mpaka anamwino anabwera kudzaona. Makutu ake ndi akuda, Amayi, akuda bii. Adzakhala ngati bambo ake ndi agogo a Dorcas, ndipo ndikamayenda naye kupaki ndimayenda pang'onopang'ono kuti aliyense amuone.

Funso lanu ndayankha, latsala langa. Mwafunsa makutu a mdzukulu wanu, koma dzina lake simunafunse. Ali nalo, labwino, tinamubatiza nalo Lamlungu lapitali, ndipo a Vernal ndawaletsa kukuuzani. Mukalifuna, lembani mundifunse, ndidzayankha tsiku lomwelo.

Ndine mwana wanu nthawi zonse,
Cislyn Baptiste